Si oyilo aliyense wolembedwa 2T amene ali wa injini ya boti

Nkhani ya maukonde ndi ya nyengo yotseka nyanja lero tiyambe taiika pambali. Nkhani yathu ili m'botolo tanyamulali.

Botololi anatipatsa ndi bambo ena, eni boti, pa msonkhano wapitawu. Anati m'bale wawo amene amagwira ntchito kunja kwa dziko lino anawatumizira mabotolo angapo, n'kuwauza kuti ndi oyilo wapamwamba, wodula kuposa amene timagula kuno. Pa botolopa palembedwa 2T, ndipo pali chithunzi cha chinthu chooneka ngati njinga yamoto koma chopanda mateyala. Funso lawo linali lakuti, kodi ndithire mu injini yanga? Tinawayamikira chifukwa chofunsa asanathire, paja safunsa anadya phula. Tinawalonjeza kuti yankho tidzaperekera pagulu, poti funsoli si la iwo okha. Aliyense amene ali ndi injini yosakaniza petulo ndi oyilo amakumana nalo akaima pa kauntala ya sitolo, kapena mnyamata akamubweretsera oyilo wa m'botolo la Fanta n'kunena kuti ndi yemweyo.

Tikumbutsane kaye chimene chili pachiswe. Injini ndiye katundu wodula kwambiri m'boti. Ena munaigula pa ngongole, ena munagulitsa ng'ombe, ena munasonkha pa banja. Koma za ndalama n'zochepa. Masiku ano usipa ndi utaka tikuzitsata kutali, kumene mapiri a kumtunda amangooneka ngati utsi. Injini ikanoka muli kumeneko, mwera n'kuyamba, boti lolemera ndi ukonde wonyowa ndi anthu khumi silipalasika ndi nkhafi ziwiri. Palibe doko pano limene silinaonepo amayi atakhala pa mchenga masiku awiri kapena atatu, maso ali ku nyanja.

Tsono tiyambe ndi chithunzichi. Makina amenewa eni ake amawatcha snowmobile. Ndi njinga yamoto yoyenda pa chipale, ku mayiko kumene nyengo yozizira mvula imagwa ngati ufa woyera n'kukwirira misewu, monga ku Canada, ku Alaska, ku Finland ndi kumpoto kwa Russia. Kutsogolo kwake kuli timatabwa tiwiri totsetsereka, kumbuyo kuli lamba wa mphira wozungulira ngati wa katapila. Amene anatchukitsa makinawa ndi Joseph-Armand Bombardier, makaniko wa m'mudzi wa Valcourt ku Quebec. M'chaka cha 1934 mwana wake anamwalira chifukwa njira ya ku chipatala inali itatsekedwa ndi chipale, ndipo bamboyo analimbikira kupanga galimoto yotha kudutsa pamenepo. Mu 1959 kampani yake inatulutsa kanjinga kotchedwa Ski-Doo, kamene kanafala dziko lonse lozizira.

Musayese kuti ndi zoseweretsa za anthu olemera okha. Ku nyanja ya Winnipeg ku Canada kuli asodzi anzathu. Nyengo yozizira nyanja yonse imauma pamwamba, kukhala ayezi wochindikala moti galimoto imayendapo. Asodziwo amaboola ayeziyo n'kutchera matchera pansi pake, ndipo popita kukawonjola amakwera makina oyenda pa chipale. Injini ikawafera kutali ndi mudzi, kuzizira kutha kupha munthu usiku umodzi. Nkhawa yawo ndi yathu ndi imodzi. Ngakhale kampani ya Yamaha, imene injini zake zadzaza m'madoko mwathu muno, inayamba kupanga njinga zimenezi mu 1968, ndipo zomaliza zake zinali za chaka cha 2025. Ndiye ubale ulipo ndithu. Injini zambiri za njingazi ndi za thu sitiroko ngati zathuzi. Koma ubale wa injini sukutanthauza kuti zimadya chakudya chimodzi.

Kuti timvetse, tione mmene oyilo amayendera. Injini ya galimoto ili ndi mosungira oyilo pansi pake. Oyilo amakwera, kufewetsa zitsulo, n'kubwerera momwemo, mpaka tsiku lotsitsa. Injini ya thu sitiroko ilibe mosungiramo. Oyilo amalowa limodzi ndi petulo, kudutsa m'kabireta, kunyowetsa kirankishafuti ndi maberingi, kukwera m'mbali mwa pisitoni, kenaka n'kupsa limodzi ndi petuloyo, kutuluka ngati utsi. Amadutsa kamodzi kokha basi. Choncho ali ndi ntchito ziwiri zimene zimalimbana: afewetse zitsulo, komanso apse bwino osasiya zinyalala. Injini ya mahosipawa 15 kapena 40 mukaitsegula yonse imazungulira pafupifupi ka 5,000 pa mphindi imodzi. Ndiye kuti pisitoni imakwera n'kutsika koposa ka 80 pa sekondi imodzi, ndipo pa ulendo wa maola awiri imachita zimenezi ka 600,000. Chimene chimaletsa pisitoniyo kukhulana ndi khoma la silinda nthawi yonseyi ndi kaoyilo kopyapyala kuposa tsitsi la munthu.

Oyilo wa anzathu a ku chipale vuto lake loyamba ndi kuzizira. Amayi mukudziwa mmene mafuta ena ophikira amachitira m'mawa wa mwezi wa Juni, amalimba m'botolo mpaka kuwaika pafupi ndi moto. Firiji imene mumaumitsira ayezi wa chambo imafika madigiri 18 kunsi kwa ziro. Kwa anzathuwo kunja kwenikweni kumafika madigiri 30 kapena 40 kunsi kwa ziro. Njinga zambiri zili ndi kathanki kakekake ka oyilo ndi kapampu kotumiza oyiloyo mu injini kudzera m'timapaipi tating'ono. Oyilo akalimba, pampu imakoka mphepo, injini n'kuyenda youma. N'chifukwa chake oyilo wawo amapangidwa kuti aziyenderera ngakhale kuzizire chotani, ndipo mbali yaikulu ya mtengo wake ndi ya chimenechi. Kuno madzi a pamwamba pa nyanja yathu amakhala pa madigiri oposa 20 pafupifupi chaka chonse. Kulipira oyilo woyenderera pa madigiri 40 kunsi kwa ziro kuli ngati kugula bulangete lovala pa Nkhotakota mwezi wa Okutobala.

Koma kusiyana kwenikweni, kumene tikufuna mupite nako kunyumba, ndi kwa kutentha kwa mkati mwa injini. Njinga ya pa chipale imazungulira mpaka ka 8,000 pa mphindi, woyendetsa amatsegula n'kutseka, kutsegula n'kutseka, ndipo pisitoni imatentha kwambiri. Chimodzimodzi njinga yamoto ya thu sitiroko, makina ochekera matabwa, ndi kajenereta kakang'ono kaja timatchajira mabatire. Zambiri mwa zimenezi zimazizira ndi mphepo chabe, ndiye zimatentha. Oyilo wa makina otere amathiramo mankhwala otsuka amene ali ndi tizitsulo tina, monga kashiamu. Mankhwalawa amagwira bwino ntchito pa moto waukulu, koma akapsa amasiya phulusa pang'ono. Mu injini yotentha yothamanga mosinthasintha, phulusalo limauluzika n'kutuluka ndi utsi.

Injini ya boti ndi ina. Imamwa madzi a m'nyanja mosalekeza, ndiye imakhala yozizirirapo. Imayenda liwiro limodzi maola ambiri popita ku malo ophera, kenaka imakhala ikulira pang'onopang'ono nthawi yaitali pokoka mabwato a nyali kapena poponya chilimira. Pa ntchito yotere phulusa silituluka. Limamatirira pa pulagi ndi pamutu pa pisitoni. Likachuluka limayaka ngati khala, n'kuyatsa petulo nthawi isanakwane, pisitoni ikanali kukwera. Makaniko akatsegula injini n'kupeza pisitoni yobooka pakati, kawirikawiri nkhani yake inayambira pamenepa. Mwaye nawo umalowa m'mizere ya maringi n'kuwamata. Maringi akamatika moto umadutsa m'mbali mwa pisitoni, kupsereza kaoyilo kopyapyala kaja, ndipo zitsulo zimayamba kudyana. Injini imayamba kuchepa mphamvu, kuvuta kuliza m'mawa, kenaka tsiku lina imangoima. Eni ake amati yanoka mwadzidzidzi, chikhalirecho inayamba kudwala miyezi isanu yapitayo.

Ndiye chifukwa chake oyilo wa injini za maboti amapangidwa wopanda phulusa. Mankhwala ake otsuka alibe tizitsulo tija, amapsa n'kutheratu. Alinso ndi mankhwala oteteza dzimbiri, poti injini yathu imagona ndi kudzuka pa chinyontho. Chizindikiro chake ndi ichi, ndipo tikupempha alembi a makomiti achilembe pa bolodi la pa doko ndi zilembo zikuluzikulu: TC-W3. Zilembo TC zikuimira thu sitiroko, W akuimira injini yozizira ndi madzi, ndipo 3 akusonyeza kuti ndi muyeso wachitatu. Unabwera m'zaka za m'ma 1990 kulowa m'malo mwa TC-W ndi TC-WII, imene inatha ntchito. Amene amapereka chizindikirochi ndi bungwe la opanga maboti ndi injini zake ku America lotchedwa NMMA. Oyilo asanalandire chizindikirochi amamuthira mu injini zenizeni za maboti, kuziyendetsa maola ambiri, kenaka n'kuziphwasula kuona ngati maringi amatika, ngati pisitoni yakalika, ndi kuchuluka kwa mwaye. Oyilo amene wakhoza mayesowa amapatsidwa nambala ya chiphaso yoyamba ndi zilembo RL, ndipo opanga ambiri amailemba kumbuyo kwa botolo.

Mukaona pa botolo palembedwa JASO FB, JASO FC, JASO FD kapena API TC, popanda TC-W3, dziwani kuti ameneyo ndi wa makina otentha aja. JASO ndi muyeso wa ku Japan wa njinga zamoto. Si oyilo woipa ayi, koma si wa boti. Ndipo nkhaniyi ili mbali zonse ziwiri: opanga makina ochekera matabwa amalemba m'mabuku awo kuti musathiremo oyilo wa injini za maboti, chifukwa pa kutentha kwa makina awo oyilo wathuyu sakwanira. Mawu akuti 2T amangotiuza kuti oyiloyo ndi wosakaniza ndi petulo. Satiuza kuti ndi wa injini iti. Chithunzi nachonso chisatinamize. Alipo oyilo wina amene pa botolo pake pali njinga ya pa chipale ndi boti pamodzi, ndipo ali ndi TC-W3. Ameneyo thirani mtima uli m'malo. Mtundu wa oyilo, kaya ndi wobiriwira, wofiira kapena wabuluu, ndi utoto chabe umene amathiramo kuti muzidziwa kuti petulo wasakanizidwa kale.

Tinene chilungamo pano, chifukwa tikudziwa kuti pali madoko ena amene sitolo yake ili mtunda wa tsiku lathunthu. Mutasowa pogwira, thanki imodzi ya oyilo wa 2T wa njinga siingaphe injini. Ndi bwino ameneyo kusiyana ndi oyilo wa galimoto. Chimene tikukana ndi chakuti akhale chakudya cha injini yanu cha tsiku ndi tsiku.

Oyilo wa galimoto, uja wolembedwa SAE 40 kapena 20W-50, ndiye tikuti ayi ndithu. Sanapangidwe kuti azipsa. Ali ndi phulusa lochuluka, ndipo sasungunuka msanga mu petulo. Pamene tinanena zimenezi pa doko lina, agogo ena anatitsutsa. Anati iwo anayendetsa injini zaka zambiri ndi oyilo wa galimoto ife tisanabadwe, ndipo sinanoke. Sananame. Injini zakale, monga za Seagull za ku Britain, zinkayenda pang'onopang'ono, zitsulo zake zinali zotakasuka, ndipo zinkamwa oyilo lita imodzi pa malita 10 alionse a petulo. Utsi wake munkauona boti lisanatulukire. Injini za lero zimathamanga kwambiri, zitsulo zake n'zothinana, ndipo zimalandira oyilo wochepa kasanu kuyerekeza ndi zija. Oyilo wochepayo ayenera kukhala woyenera. Za oyilo wakuda wotsitsidwa m'galimoto kapena m'chigayo sitinenapo zambiri. Muli tizidutswa ta zitsulo ndi mwaye. Kuthira ameneyo n'chimodzimodzi kuthira mchenga wosalala m'maberingi.

Ena mukuti TC-W3 ndi wodula. Tiyeni tiwerengere limodzi. Lita imodzi ya oyilo imasakaniza malita 50 a petulo. Tengani kusiyana kwa mtengo wa oyilo woyenera ndi wa oyilo wotchipayo, mukuike pambali pa ndalama zimene mumalipira pa malita 50 a petulo. Muona kuti n'kadontho. Kenaka mufunse makaniko wa pa doko panu mtengo wa pisitoni, maringi, maberingi ndi magasiketi, muonjezepo ndalama yake, thiransipoti yokagula zipangizo ku Lilongwe kapena ku Blantyre, ndi masabata amene boti likhale pa mchenga mdima wa usipa ukudutsa, anyamata anu atapita kukakwera boti la wina.

Palinso oyilo wachinyengo. Anthu ena amatola mabotolo otha a oyilo wabwino, kuthiramo wina wosadziwika, n'kugulitsa. Pogula onani ngati chidindo cha pa chitsekerero chili chosadulidwa, ndipo ngati zolemba za pa botolo zili zooneka bwino. Oyilo woyezera m'mabotolo a zakumwa, amene simunaone pamene anachokera, musamukhulupirire ngakhale wogulitsayo ndi mlamu wanu, poti mwina nayenso anapusitsidwa. Ndipo botolo lanu likatha, liboleni pansi musanalitaye, kuti lisabwererenso kudzakupezani lili ndi zina mkati.

Tsono oyilo woyenera yekha sakwanira ngati muyeso uli wolakwika, ndipo apa ndi pamene taona injini zambiri zikufera. Buku la injini yanu ndilo lolamula. Injini zambiri zimene zili m'madoko mwathu zimafuna 50 kwa 1, ndiye kuti magawo 50 a petulo, gawo limodzi la oyilo. Pa lita imodzi ya petulo ndi mamililita 20 a oyilo. Pa malita 5 ndi mamililita 100. Pa chigubu cha malita 20 ndi mamililita 400. Pa malita 25 ndi theka la lita. Zilipo injini zina zing'onozing'ono zimene buku lake limanena 100 kwa 1, n'chifukwa chake tikuti funsani buku kapena wogulitsa, osati mnzanu wa boti loyandikana nalo.

Tinafunsa anyamata pa madoko angapo kuti amayeza bwanji. Ambiri anati botolo limodzi la Fanta pa chigubu. Botolo lagalasi limenelo ndi la mamililita 300. Limakwanira malita 15, osati 20. Mukathira limenelo pa chigubu cha malita 20, muyeso wanu ndi pafupifupi 67 kwa 1, ndipo injini ikuperewedwa gawo limodzi mwa magawo anayi a oyilo wake ulendo uliwonse. Onjezani kuti chigubu chimene timati cha malita 20 chikadzazidwa mpaka pakamwa chimatenga oposa pamenepo. Onjezaninso kuti woyezayo akuyeza mu mdima, akuthamangira anzake amene anyamuka kale, ndipo mwina akusungako pang'ono pansi pa botolo kuti mawa asagule. Palibe amene walakwa dala, koma injini ikufa.

Ena amachita zosiyana, amathira wambiri kuti injini ilimbe. Nazonso sizithandiza. Oyilo wopitirira muyeso amanyowetsa pulagi, amadzaza mwaye mu ekizosi ndi m'maringi, ndipo wotsalayo amangotayikira m'nyanja. Nthawi yokhayo yothira wambiri ndi pamene injini ili yatsopano, kapena yangoikidwa pisitoni ndi maringi atsopano. Pa injini zambiri za 50 kwa 1, maola 10 oyamba muyeso ndi 25 kwa 1, ndiye kuti mamililita 800 pa chigubu cha malita 20, ndipo m'maola amenewo osaitsegula yonse nthawi yaitali. Tikudziwa kuti munthu ukagula injini yatsopano umafuna doko lonse limve. Pirirani maola khumiwo.

Choyezera chabwino sichifuna ndalama zambiri. Botolo loyamwitsira mwana lili ndi mizere ya mamililita. Sirinji yaikulu ya mamililita 20, yopanda singano, ndi muyeso wa lita imodzi ndendende. Ngakhale botolo la pulasitiki la madzi akumwa la mamililita 500 lingathandize: yezani mamililita 400 kamodzi masana kukuwala, lembani mzere ndi penti, limangeni chingwe pa chigubu. Posakaniza, yambani mwathira petulo pang'ono m'chigubu, thirani oyilo yense, tsekani, khutchumulani bwinobwino, kenaka onjezani petulo wotsalayo n'kukhutchumulanso. Mukathira oyilo pamwamba pa thanki yodzaza n'kunyamuka, amatsikira pansi osasungunuka, ndiye injini imayamba yamwa oyilo wambiri, pomaliza n'kumwa petulo wouma muli pakati pa nyanja. Sakanizirani kumtunda, kusanade, kutali ndi nyali, mbaula ndi fodya.

M'boti lililonse wosakaniza akhale mmodzi, wodziwika. Pamene aliyense amasakaniza, tsiku lina aliyense amayesa kuti mnzake wathira kale. Mukakayika ngati chigubu chasakanizidwa, donthezani petulo pang'ono pa pepala loyera n'kudikira. Petulo wopanda oyilo amauma osasiya kanthu. Wosakaniza amasiya banga la mafuta. Pepalalo silingakuuzeni muyeso, koma likuuzani ngati oyilo alimo.

Pali chinthu china chokhudza petulo wa kwathu kuno. Kuyambira mu 1982, pamene fakitale ya ku Dwangwa inayamba kupanga ethanol kuchokera ku zotsalira za nzimbe, petulo wa m'dziko muno amasakanizidwa ndi ethanol. Ethanol amakoka madzi. Mafunde kapena mvula zikalowetsa madzi m'thanki, madziwo amagwirana ndi ethanol n'kutsikira pansi, kusiya oyilo pamwamba ndi petulo. Paipi ya injini imakoka kuchokera pansi pomwepo, pamene palibe oyilo. Choncho tsekani zigubu bwino, musasiye thanki pa mvula, ndipo petulo wosakaniza asagone mwezi. Mukakayika, tsanulirani pang'ono wa pansi m'botolo loonekera mkati. Mukaona mizere iwiri, wapansiyo asalowe mu injini.

Injini imalankhula, ndipo pakamwa pake ndi pulagi. Imasuleni kamodzi pa sabata muione. Ikakhala yofiirira ngati tiyi wamkaka, zinthu zili bwino. Ikakhala yakuda, yonyowa ndi mafuta, oyilo wachuluka kapena kabireta ikufuna makaniko. Ikakhala ndi timiyala totuwa tomatirira, limenelo ndi phulusa lija, oyilo wanu si wa boti. Ikakhala yoyera mbuu ngati yapsa, injini ikutentha mopitirira, musapite nayo kutali musanaionetse. Pulagi yapadera ndi sipanala yake zisasowe m'boti. Ndipo diso lizikhala pa kamadzi kaja injini imakodza kumbuyo. Kakasiya kutuluka, zimitsani msanga, chifukwa palibe oyilo ngakhale wodula chotani amene angapulumutse injini imene yasiya kumwa madzi. Oyilo wa m'giya bokisi ya kunsi ndi winanso, wa nambala 90. Mukamutsitsa n'kupeza wayera ngati mkaka, madzi akulowa. Amene mwagula injini za folo sitiroko, zonse tanena za kusakaniza si zanu. Zanuzo zili ndi mosungira oyilo ngati galimoto, ndipo mu petulo simuthira kanthu.

Tisaiwale kuti utsi wa injini ya boti umatulukira m'madzi. Injini za thu sitiroko za kabireta zimataya mafuta osapsa ochuluka, mpaka gawo limodzi mwa magawo anayi. N'chifukwa chake ku nyanja ya Tahoe ku America anaziletsa mu 1999. Ife kuno ndi zimene tili nazo ndipo ndi zimene tingakwanitse kukonza, koma madzi a pa doko ndi omwewo amene ana athu amasamba, amayi amatunga, ndipo usipa timatsukiramo tisanayanike pa thandala. Muyeso woyenera umachepetsa mafuta oyandama aja mumawaona m'mawa pamene maboti amakocheza. Zotsalira za m'thanki ndi oyilo wa m'giya bokisi musakhuthulire pa mchenga kapena m'madzi.

Kwa makomiti, pempho lathu ndi laling'ono. Doko lililonse likhale ndi choyezera chimodzi chokhala ndi mizere, chosungidwa ndi munthu wodziwika, choti aliyense ayezerepo botolo lake. Lembani miyeso ija pa bolodi pamodzi ndi chizindikiro cha TC-W3. Eni maboti angapo mutha kusonkha n'kugula katoni yathunthu kwa wogulitsa wodalirika, mtengo umatsikako ndipo mumadziwa kumene oyilo wachokera. Kambiranani ndi a masitolo a pa doko panu, muwauze chizindikiro chimene mukufuna. Wogulitsa amaoda chimene anthu akufunsa. Ndipo inu eni maboti amene simupita pa nyanja, makamaka amayi amene mwagula zilimira zanu, musangopereka ndalama ya oyilo m'manja. Onani botolo, onani chidindo, ndipo tsiku lina kaimeni pomwepo pamene akusakaniza.

Tibwerere kwa bambo aja ndi botolo lawo. Taliwerenga mbali zonse. Palembedwa JASO FD, palembedwa kuti amayenderera pa madigiri 40 kunsi kwa ziro, koma TC-W3 palibe. M'bale wanu sanakunamizeni, bambo, ndi oyilo wabwino ndithu, ndipo mumuthokoze. Koma mu injini ya boti musathire. Tamva kuti muli ndi kajenereta kotchajira mabatire a nyali, kaja kosakaniza petulo ndi oyilo. Kameneko kamazizira ndi mphepo, ndipo oyiloyu akakwanira bwino pa muyeso umene walembedwa pa chitsekerero cha thanki yake. Nali botolo lanu. A wapampando, ngati pali ena amene abwera ndi mabotolo awo, abwere nawo kutsogolo kuno tiwerengere limodzi.